Maluwa a Abambo pa Nathenje

Kwa a Mbewe,
Mitundu,
Lilongwe.
21 Malichi, 1993.

Okondedwa achimwene a Isake,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Harare, ndiponso kuti chifuwa chija munkadandaula nacho chaka chatha chinakusiyani. Ife kuno matupi ali bwino. Mvula chaka chino yagwa yokwanira, chimanga chikukhwima, ndipo anthu ayamba kuiwala njala ya chaka chatha. Mitima yokha ndiyo ilibe mtendere. Kalatayi sindiiponya ku positi. Ndikaipereka pamanja kwa a Jones, oyendetsa lole aja amaima pa Nathenje kudya nyama yootcha, chifukwa zimene ndikulembazi si zoti maso a munthu wina ayendemo. Mukawerenga muitenthe, musachite zanu zija zosunga kapepala kalikonse m'Baibulo.

Ndiyambe ndi chachikulu, poti ndikudziwa kuti nkhani yozungulira imakutopetsani. A Sele, eni sitolo yoyang'ana kumsewu waukulu pa Nathenje, omwe aja anakupatsani sutikesi pamene munkanyamuka, ali m'manja mwa boma. Anawatenga kumayambiriro kwa mwezi uno chifukwa cha maluwa, ndipo maluwawo ndi a abambo athu. A Sele sanadule kanthambi ngakhale kamodzi. Iwo anangopereka malo ndi madzi.

Mukudziwa mmene abambo alili ndi maluwa. Zaka zonse zija anagwira ntchito m'munda mwa azungu ku Lilongwe anabwerako ndi zinthu ziwiri, jekete yakuda ndi matenda a maluwa, ndipo malemu amayi anapita akudandaulabe kuti amuna awo amathirira zinthu zosalowa mumphika. Mwa onse amene anatsala pakhomo, okondedwa awo ndi timaluwa tija toyanga pansi, ta masamba ang'onoang'ono onenepa, timene iwo amatitcha aulesi. Dzinalo linabwera chifukwa satseguka mpaka dzuwa litakwera, ndipo kukachita mitambo sadzuka n'komwe. Amayi ankati anawatcha choncho poganizira inu. Aulesiwo amakhala m'mabeseni awiri obooka pakhonde, ofiira kumanja kwa chitseko, achikasu kumanzere, ndipo akhala choncho kuyambira ine ndisanakwatiwe.

Mu Januwale a Pitala, tcheyamani wa chipani wa kwathu ku Nathenje, anapalasa njinga mpaka kuno ku Mitundu. Anati kudzakhala msonkhano waukulu, kudzabwera nduna ndi akuluakulu ena kudzatikumbutsa movotera pa chisankho chikubwerachi, chofunsa ngati tikufuna chipani chimodzi kapena zambiri. Iwo ankafuna kuti pakamtunda kaja ka kumaso kwa sitolo ya a Sele pakhale dzuwa lofiira longa la pambendera, lopangidwa ndi maluwa amoyo, loti alendo akangotulukira alione. Anali atamva kuti a ku Diamphwe akumanga chipata cha nsungwi ndi masamba a nthochi, ndiye sankagona tulo. Abambo anavomera a Pitala asanamalize n'kufotokoza komwe. Ine ndinawamvetsa. Papita zaka munthu osawafunsa kanthu za maluwa, kupatula amayi a kutchalitchi akafuna nkhata za pamaliro.

Kadulidwe kawo simungakaiwale, poti nanunso munakwapulidwapo chifukwa cha iko. Amadula mbandakucha dzuwa lisanatuluke, tinthambi titakhuta madzi, chifukwa amati chodulidwa masana chimafika m'dothi chitatopa kale. Amatenga lezala yatsopano n'kudula kanthambi kotalika ngati chala, kuchotsa masamba a m'munsi, kukasiya pamthunzi kuti bala liume, kenako kukaviika paphulusa n'kukazika m'chitini cha mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi la m'khola lakale. Madzi amawaza ndi dzanja pang'onopang'ono, poti aulesi ukawakomera mtima ndi madzi amaola. Tinthambito tikagwira, timitu tonse ta maluwa amatitsina ndi zikhadabo tsiku ndi tsiku, kuti mphamvu ipite kumizu, ndiponso kuti maluwa onse adzatseguke pamodzi pa tsiku lofunikalo. Ndiye muone mmene zinalukirana, achimwene. Mbandakucha aulesi amakhala otseka, mtundu suoneka. Timitu akatsina, mtundu suonekanso.

Kale zimenezi sizikanavuta, chifukwa abambo ankasiyanitsa ndi tsinde lomwe, la ofiira limakhala lofiirira pamene la achikasu limakhala lobiriwira. Koma maso a abambo apita. Ng'ala yakuta onse awiri. Iwo sanauze munthu, ndipo ife tinkaona n'kumangoyang'ana kumbali, poti ukawafunsa amakalipa kuti ndi fumbi la fodya. Munthu amamuzindikira ndi mawu, ndipo pakhomo amayenda pokumbukira pamene chinthu chilichonse chimakhala. M'kalata ya Khirisimasi ndinakulemberani kuti ali gwa. Sindinaname kwenikweni, miyendo ndi pakamwa zili gwa ndithu.

Tsopano apa muwerenge mtima uli m'malo, chifukwa pakulowa akazi anu. Sabata imene a Pitala anabwera, alamu anga a Rozina anazira khonde lonse monga amachitira mkazi wosamala pakhomo. Anachotsa mabeseni aja, atamaliza n'kuwabwezera, koma ofiira anapita kumanzere, achikasu kumanja. Ndani akanaganiza kuti beseni lili ndi mbali yake? M'mawa mwake akusesa pabwalo anaona apongozi awo atagwada pa beseni la kumanja, akudula ndi mtima wonse. Anadziwa ndithu kuti ndi la achikasu, poti analinyamula masana maluwa ali otseguka, ndipo anali atamvanso kuti a Pitala akufuna ofiira. Koma inu munawatenga a Rozina chitengwa n'kuwasiya pakhomo pa apongozi aamuna, amayi kulibe, ndipo zaka zonsezi awiriwa sanalankhulanepo maso ndi maso. Chakudya amatula pakhomo n'kubwerera, akakumana panjira amapatukira kutchire, ndipo tonse takhala tikuwayamika kuti ndi mkazi woleredwa bwino. Mkazi wotereyo akanayamba bwanji kuuza apongozi ake kuti mwalakwitsa, pa ntchito imene mudzi wonse umati ndi akatswiri? Anadziuza kuti mwina akulu akudziwa chimene akuchita, n'kupitiriza kusesa. Ine zimenezi ndazimva mochedwa, zinthu zitaonongeka kale.

Tinthambi titagwira, amuna anga, alamu anu a Davide, anabwereka ngolo n'kudzatenga zitini pamodzi ndi abambo. Abambo anakhala kwathu ku Nathenje pafupifupi mwezi. A Sele anawalandira ngati m'bale wawo. Zitini anazisunga kuseri kwa sitolo kuti mbuzi zisafike, anapereka mgolo wawo wa madzi a padenga, anaperekanso makala oti asinjidwe n'kumwazidwa mozungulira dzuwalo kuti kukhale kwakuda ngati pambendera. Tsiku lowokera abambo anakhoma chikhomo pakati, kumangapo chingwe n'kulemba dzuwa lawo padothi, ndipo mipata ya pakati pa maluwa ankayeza ndi chikhatho, osalola munthu wina kuzika. Ine amene ndinapita kukathandiza anandipatsa ntchito yotola zitini zopanda kanthu, ati manja anga anazolowera tomato.

Mwezi wosala wa Asilamu utayamba, a Sele ankanyamulabe ndowa milomo itauma, kukana kuti nkhalamba inyamule iwo akuonerera. Madzulo ankakhala awiriwiri pabenchi n'kumanyozana. A Sele ankati abambo akuvutikira anthu amene adzadutse magalasi a galimoto atatseka, abambo n'kumati munthu wogulitsa sopo ndi machesi kukongola angakudziwire kuti. Dzuwa likalowa a Safia, mayi a kunyumba kwa a Sele, ankatulutsa tiyi wa mkaka ndi zitumbuwa za anthu awiri. Chimwalirireni amayi sindinawaonepo abambo akuseka chotero.

Sabata yomaliza abambo anasiya kutsina timitu. Ndiye kunabwera mvumbi, tsiku ndi tsiku kumwamba kuli bii, aulesi osadzuka. Abambo ankangotembenuzira nkhope kumwamba n'kumapempha dzuwa. Nanenso ndinapemphera nawo.

Tsiku la msonkhano kunachanso ndi mitambo. Amayi tonse tinali titandanda m'mbali mwa msewu ndi nsalu zathu za chipani, tikuimba kuyambira m'mamawa mpaka mawu kusasa. Abambo anaima pafupi ndi dzuwa lawo atavala jekete, chipewa chili m'manja. Kenako mitambo inang'ambika, dzuwa linawomba, ndipo sipanapite nthawi aulesi anayamba kutseguka, m'mphepete kaye, kenako bedi lonse. Achikasu okhaokha, achimwene, owala pamakala akuda, oti munthu ali kumsika n'kuwaona. Sindikudziwa ngati nkhanizi zikukufikani kumeneko, koma masiku ano kuno chikasu si mtundu wamba. Ndi umene asankha ena mwa anthu ofuna zipani zambiri aja, moti ngakhale duku lachikasu azimayi analibisa pansi pa sutikesi. Chaka chatha tonse tinadya nsima ya chimanga chachikasu cha chithandizo, palibe anamangidwa, koma chimenecho chinali chaka chatha. Nyimbo inazima yokha, kuyambira kwa amene anali pafupi. Wina kumbuyo anaseka kamodzi n'kudziletsa.

Ndinachoka pamzere n'kupita pamene panali abambo. Anandigwira dzanja, nkhope yonse ikumwetulira.

"Atseguka, eti? Ndamva anthu angoti zii," anatero. "Afiira bwino?"

Amene anawayankha ndi anyamata a chipani, omwe anafika akuthamanga n'kuyamba kupondaponda ndi nsapato, ena kuzula ndi manja. Abambo anagwada kuti atchinjirize maluwa awo, osadziwa chalakwika, wina n'kuwakankhira kumbali monga ukankhira mbuzi pa mphale. Pamene magalimoto a alendo ankafika panali patangotsala matope ndi makala, ndipo sindikhulupirira kuti mwa alendowo alipo anacheuka.

Madzulo ake kunabwera galimoto n'kuwatenga a Sele asanamwe ndi madzi omwe a tsikulo. Zifukwa sizinasowe. Maluwa anali pakhomo pawo, madzi anali awo, iwo ndi Msilamu wa makolo ochokera kummwera kumene akuti chikasucho chakula, ndiponso panali kale manong'onong'o oti madalaivala amasiya mapepala otsutsa boma m'sitolo mwawo. Ine ndagula mchere mmenemo zaka zonsezi, ndipo pepala limene ndinaonamo ndi lokulungira mcherewo.

M'mawa mwake abambo anati ndiwatsogolere kwa a Pitala. Anafotokoza kuti anadula okha, anazika okha, anawokera okha, ndipo a Sele sadziwa ngakhale kumene kanthambi kamayang'ana. A Pitala anatilandirira panja, osatipatsa ndi mpando womwe, maso ali kumsewu. Ndinaona kuti nawonso agwidwa ndi mantha, chifukwa mlandu ukakhala wa abambo, funso lotsatira ndi loti anakawatenga ku Mitundu ndani. Anangoti nkhaniyo yapeza kale mwini wake, madala abwerere kumudzi akapume.

Kuchoka apo tinapita kupolisi, ndipo kumeneko ndi kumene mtima wanga unasweka. Abambo, amene sanavomerepo za maso awo ngakhale kwa ife ana awo, anavula chipewa pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wawo n'kunena mokweza, anthu onse akumva.

"Bwana, ine ndine wakhungu. Sindiona chofiira, sindiona chachikasu. Ndakhala ndikunamiza anthu. Tsekerani ine, mutulutse mnzanga uja."

Wapolisiyo sanali woipa mtima, anawapatsa mpando. Anayendetsa dzanja pamaso pawo, n'kuitana mnzake kuti adzaone ng'alayo. Kenako anawathokoza, ati agogo mwatithandiza, tsopano zamveka. Ngati simuona, ndiye kuti wina anakusinthirani zitini inu muli pomwepo, ndipo amene ankasunga zitinizo kuseri kwa sitolo yake tili naye kale. Analemba zimenezo ife tikuona. Tinalowa kuti tikawombole munthu, n'kutuluka titamuwonjezera chingwe china. Njira yonse yobwerera abambo ankangopunthwa, ndipo koyamba analola kuti ndiwagwire mkono pagulu.

Masiku otsatira anthu anagawikana. Kumsika ena anasiya kugula tomato wanga, amadutsa ngati pali maliro a nyumba ina. Oopsa kwambiri ndi enawo, amene akuganiza kuti abambo anachita dala. Bambo wina wosamudziwa anatiimitsa panjira, kuwagwira chanza abambo ndi manja awiri n'kuwanong'oneza kuti madala ndinu mwamuna. Ndinaona kuti pa Nathenje sangakhalenso, mawu otere akamveka sititsala.

Nkhani itafika kuno ku Mitundu, a Rozina anayenda wapansi mpaka kwathu, Zipora wanu ali kumsana, n'kudzagwa pakhomo panga akulira. Ndi pamene ndinamva za mabeseni. Ndikuuzeni zoona, ndinapsa mtima, ndinawalankhula mawu amene sindingawalembe pano. Koma ndili pakati pokalipa ndinadzifunsa kuti ine kwa apongozi anga ndikanatani, ndipo mkwiyo unandithera m'kamwa. Ndinafuna kuti tipite nawo kupolisi akanene zimene anaona. A Davide anakaniza. Anati mkazi amene mwamuna wake ali kunja kwa dziko, kumene akuti kumakhala othawa boma, akakavomera kuti ndiye anasintha mabeseni ndiye kuti chitokosi chilandira anthu awiri, ndipo dzina lanu likalembedwa pachipata cha dziko kudikira tsiku limene mudzabwere. Ndinapitanso kwa akulu ampingo, iwo anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kutseka zenera, n'kunena kuti tiyeni tipemphere.

Titawabweretsa abambo kuno kumudzi, ndine ndinawauza za mabeseni. Atamva anati ndiwaitane a Rozina. Anabwera n'kugwada patali, pafupi ndi nkhokwe, monga mwa masiku onse. Abambo anati asendere, n'kutinso asendere, mpaka anafika poti angawakhudze.

"Mayi," anatero, "ulemu wanu ndaulandira zaka zambiri, ndipo ndinkanyadira nawo. Koma taonani kumene watifikitsa. Kuyambira lero mukaona ndikulowera kudzenje muzindiuza."

Anawapatsa nkhuku yathadzi kuti zidziwike kuti awatsegula pakamwa. A Rozina anailandira akulira, ine ndinalowa m'nyumba chifukwa sindikanatha kuonerera.

Kuyambira pamenepo abambo agwira ganizo limodzi, ndipo palibe angawachotse. Akuti akakabzala dzuwa lina pamalo pomwepo, lofiira lenileni, a Pitala adzaona kuti panalibe chiwembu, adzapita kukalankhula, a Sele adzatuluka. Ndinawauza kuti msonkhano unatha, alendo anapita, palibe akufunanso dzuwa. Anandifunsa kuti nanga ine ndili ndi nzeru ina yanji. Ndiye ntchito inayambiranso. Masana maluwa akatseguka a Rozina amamanga kaulusi pa kanthambi kalikonse kofiira, mbandakucha abambo amapapasa ulusiwo n'kudula. Ulendo uno sakutsina timitu. Kanthambi kakangoonetsa duwa, a Rozina amanyamula chitini n'kunena mokweza kuti ichi n'chofiira bambo, iwo n'kuchiika pambali. Mukanawaona awiriwa mukanaseka ndi kulira nthawi imodzi. Mkazi amene sankatsokomola n'komwe apongozi ali pafupi, tsopano akuwakalipira kuti athira madzi ambiri.

Kwa a Sele ndiye kuli chonchi. A Safia akhala akupita kupolisi ndi chakudya tsiku lililonse dzuwa likamapendeka, kuti amuna awo apeze chodya akamaliza kusala. Sankawalola kuwaona, koma mbale inkabwerera yopanda kanthu, ndipo mbale yopanda kanthuyo ndi imene inkawapatsa tulo. Lachisanu lapitali mbale inabwerera ndi chakudya chake. Anawauza kuti munthuyo kulibe, anamusamutsa, asavutikenso kubwera. Atafunsa kuti amupititsa kuti, anayankhidwa kuti zimenezo sizili m'manja mwa apo. Ena akuti ku Lilongwe, ena akuti kummwera, ena akungogwedeza mutu. A Abdulrazak, ang'ono awo a Sele, ayenda m'maofesi mtauni, ndipo kulikonse akuwauza kuti dzinalo silikudziwika. Chikondwerero chawo chotsiriza kusala chili sabata ikuyambayi, ndipo ana akufunsa ngati bambo awo adzakhalepo.

Dzulo ndinapita kukawaona a Safia. Sitolo ndi yotseka, akulowera kuseri. Ndinkaopa kuti andithamangitsa, koma anandiyalira mkeka. Sanalire, sanatukwane, ndipo bola akanatukwana. Ndinawauza za zitini zatsopano, poganiza kuti mwina ziwatonthoza kudziwa kuti abambo sanangokhala.

"Madala aja ndilibe nawo mlandu, amuna anga ankawakonda," anatero. "Koma mukawauze kuti asabwere nazo. Pakhomo panga sindifunanso kuona duwa, kaya lofiira kaya lotani. Akabzala ndidzazula ndekha."

Ndiye lero nditatuluka m'tchalitchi ndinakwera matola kubwera kuno kuti ndidzanene zonse ziwiri, za mbale ndi za mawu a mayi aja. Njira yonse ndimayeseza poyambira. Pofika ndapeza ngolo ya a Gilibati, oyandikana nawo aja, yaima kale pabwalo, zitini azindanda m'mizere, zonse zofiira psuu, jekete yachapidwa ili pachingwe, abambo akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi. A Rozina akuti masana ano abambo adya mpaka kunyambita zala, pamene masiku onsewa amangolawa. Abambo andigwira dzanja n'kundiyendetsa m'mizeremo kuti ndiwatsimikizire mtundu, chitini chimodzi chimodzi. Ndatsimikiza. Zinazo zakana kutuluka m'kamwa. M'malo mwake ndakhala pansi pa mtengo wa mango ndi pepalali, poti inu muli kutali ndipo nkhope yanu sindiiona.

Sindikudziwa ndi chimene ndikukupemphani chomwe. Ndikati bwerani, ndikuopa pachipata. Ndikati khalani, ine ndekha zandikulira, ndipo a Davide ndi mkamwini, pali pamene mawu awo amalekezera kwa apongozi. Ngati kumeneko muli ndi munthu wodziwa kumene amapititsa anthu otere, kapena wodziwa wina wodziwa, mufunse mwakachetechete n'kuwauza a Jones pakamwa, musalembe. Ngati mwamvapo za dokotala wochotsa ng'ala mundiuzenso, chifukwa tsopano avomera okha, mwina angalole kupita. Ndipo a Rozina musawalembere mawu owawa. Adzilanga okha mokwanira, ndipo pakali pano ndiwo maso a abambo.

A Davide akupereka moni. Ana anga akuti amalume asaiwale mpira uja, ndawauza kuti amalume awo amaiwala ndi kulemba komwe. Zipora wayamba kuyenda, akuzula maluwa m'zitini n'kumakalipiridwa ndi agogo ake, ndipo mphuno ndi yanu ndithu, palibe chimene tingachite. A Rozina ndawafunsa zoti ndilembe, angoti muwauze kuti ndili pano. Abambo adziwa kuti ndikulembera inu, ndipo andiuza kuti mawu awo ndiwalembe ndendende, ndiye ndi awa:

"Isake mwana wanga, usade nkhawa ndi zimene umve. Cholakwa chinali changa ndipo ndachikonza. Mawa tikukabzala, ndipo pamene kalatayi izikupeza a Sele adzakhala ali pakhonde pawo. Ukamadzabwera udzawagulire kofia yabwino ya kumeneko."

Ndalemba monga anenera, ndawawerengera, avomera ndi mutu. Ngolo inyamuka mbandakucha, ndipo ine ndikhala pambali pawo. Kuchoka ku Mitundu kukafika pa Nathenje ndi mtunda wautali, ndipo penapake pamsewu umenewo ndiyenera kutsegula pakamwa. Mutipempherere, achimwene, makamaka ine.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Enifa.